Malungo Amene Sindinadwale

Lolemba, 13 Juni 2022

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi 7, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Sisita Rosina, nesi wa wodi ino, ati ndizilemba nthawi imene chifuwa chayamba kupweteka ndi imene chaleka, chifukwa anyamata akafunsidwa ndi dokotala amangoti "kaya". Ndatembenuza kope langa la Jogalafe, ndayambira kumbuyo.

Ndine Harvey, zaka 17, Giredi 11, kwathu ku Msoro.

Mmene zinayambira. Lachinayi pa 9 Juni tinabayidwa katemera wa korona kusukulu, jekeseni yachiwiri. Lachisanu mkono kuwawa ndi thupi kutentha pang'ono, monga anzanga onse. Loweruka masana ndikutola thonje kumunda ndinamva ngati wina wandiponda pachifuwa. Dzulo ndikagona chagada mpweya umaperewera, ndikakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo zimachepako. Lero m'mawa amayi ananditengera kukiliniki. Anandiyeza malungo, palibe. Atamvetsera mtima kawiri anaitana ambulansi.

Mtima 108 pa mphindi. Thupi 37.6. Kupweteka tsiku lonse, ndiye za nthawi yoleka ndilibe cholemba.

Lachiwiri, 14 Juni

Andimata tiwaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, makina n'kutulutsa pepala la mizere yokwera ndi kutsika. Amati ECG. Adokotala, mayi wachitsikana wovala nsapato zothamangira, analiyang'ana nthawi yaitali. Atenga magazi mabotolo atatu. Limodzi lapita ku Chipata chifukwa kuno makina ake kulibe.

Mankhwala: bulufeni 400, katatu pa tsiku, nditadya. Kapiritsi kena koteteza m'mimba, m'mawa. Osadzuka kupatula popita kuchimbudzi.

Pa bedi 8 pali a Hector, makaniko wa ku loji ina ku Mfuwe. Jeki inaterereka iwo ali pansi pa galimoto yonyamula alendo, mwendo unathyoka pawiri. Akhala muno masabata atatu, ndiye wodi yonse amaiyendetsa ndi pakamwa. Atandiona anati, "Mwaswera bwanji, a Bedi Seveni? Mtima pa seventini? Mtsikanayo dzina lake ndani?" Ndinaseka, kusekako n'kundipweteka.

Amayi akugona kunyumba ya odikirira odwala. Abweretsa phala ndi nthochi ziwiri. Ndadya nthochi imodzi.

Mtima 104.

Lachitatu, 15 Juni

Zotsatira za ku Chipata zabwera pa foni. Adokotala anakoka mpando, zimene sachita pa mabedi ena, n'kuitana amayi. Ndilemba monga ananenera, kuti ndisadzasokoneze.

Mnofu wa mtima wanga watupa. Magazi akuonetsa choncho, pepala lija likuonetsanso choncho. Tizilombo ta chimfine timatha kuchititsa zimenezi, ndipo korona yemweyo amachititsa kawirikawiri kuposa katemera wake, koma kwa ine masiku akulozera ku jekeseni ya Lachinayi. Zimachitikira anthu ochepa kwambiri, makamaka anyamata a msinkhu wanga akabayidwa kachiwiri. Ambiri amachira bwinobwino. Mankhwala enieni ndi kupumula: mpira ayi, njinga ayi, khasu ayi, katundu wolemera ayi, kwa miyezi itatu mpaka sikisi. Mtima wotupa ukaukakamiza ukhoza kusokonekera kagundidwe, ndipo pamenepo munthu amangogwa.

Ndinafunsa ngati ndifa. Anati, "Ukamvera zimene ndanenazi, ine ndikuyembekeza kuti uchira."

Amayi amangopotokola nsonga ya chitenje.

Pano ndilembe za kwathu, chifukwa zikundisowetsa mtendere kuposa chifuwachi. Amayi, a Felister, ndi volontiya wa zaumoyo. Ndi amene amayeza ana pa sikelo, ndiponso ndi amene anayenda ndi chimkuzamawu mudzi ndi mudzi kuitana makolo kuti asainire ana awo katemerayu. Atate, a Amon, anakana. Anati, "Inu kaitaneni a eni ake, koma wanga asabayidwe." Amayi anasaina pepala langa okha, kawiri konse, atate osadziwa. Ine ndinkafuna kubayidwa, palibe anandikakamiza.

Madzulo atate anaimba. Amayi anaimirira pazenera langa lomweli n'kunena kuti, "Ndi malungo, atate ake Harvey. Aakulu ndithu. Musavutike kubwera, thonje lingaonongeke."

Atadula anandiyang'ana. "Wamva?"

"Ndamva."

"Tikafika kunyumba ndidzawauza bwino. Pafoni ayi."

Ndavomera. Ndawamvera chisoni amayi, komanso ndakwiya nawo.

Lachinayi, 16 Juni

Kupweteka: 06 mpaka 09, kenako 14 mpaka 15. Mtima 96. Thupi 36.9.

Ndatopa. Bedi 3 ilibe munthu kuyambira m'mawa. Sindinafunse.

Lachisanu, 17 Juni

Tapita ku Chipata kukajambula mtima. Mu ambulansi tinali ine, amayi, ndi mayi wina woyembekezera amene amatukwana dalaivala pa dzenje lililonse. Pokwera mapiri makutu anatseka, kuzizira n'kuyamba. Amayi anandifunditsa chitenje chawo ngati kamwana.

Wojambulayo anandipaka mafuta ozizira pachifuwa n'kumayendetsa kachipangizo kake. Ndinauona mtima wanga pa sikirini, wotuwa, ukutseka ndi kutsegula ngati kukamwa kwa mlamba. Sindinayembekeze kuti ndichita nawo manyazi, koma ndinachita. Anati ukupopa 55 pa handiredi. Ine ndinati basi, ngakhale mtima ukungokhoza mwamwayi ngati ine pa masamu. Anaseka, akuti 55 ndi yabwino, mtima wa munthu supopa handiredi. Pali timadzi pang'ono mozungulira, akuti tidzauma tokha.

Titabwerera adokotala anabweretsa fomu yodziwitsa akuluakulu a zaumoyo kuti munthu wadwala atalandira katemera. Anayamba kufotokoza, amayi n'kuwadula.

"Ndikuidziwa, adokotala. Anatiphunzitsa ku wekishopu. Sindinaganize kuti dzina loyamba kulilembapo lidzakhala la mwana wanga."

Analemba okha, zilembo zoongoka ngati za pa khadi la sikelo. Pa pepala la boma alemba zoona zonse, tsiku ndi ola lomwe.

Mtima 90. Kupweteka kamodzi, pa 16, mphindi makumi awiri.

Loweruka, 18 Juni

Kwabwera alendo, azimayi awiri a kutchalitchi kwathu. Abweretsa mbatata yophika ndi masawu odzaza kambale. Anapemphera, kenako anayamba kukamba za malungo a chaka chino, kuti ndi amwano, akugwira ndi nyengo yozizira yomwe. Mmodzi wa iwo, a Delia, amene mwana wawo ndimaphunzira naye, anatsitsa mawu.

"Amake Harvey, kodi si jekeseni ija? Anthu akunong'ona kumjigo."

"Iyayi," amayi anatero. "Wanu uja si ali bwino?"

"Ali bwino, dzulo amamenya mpira." Kenako anatembenukira kwa ine. "Harvey, akupatsa mankhwala a malungo aja, kowatemu?"

Ndinati inde. Bodza la amayi lasanduka langa tsopano.

Atapita onse, a Hector anandipempha masawu. Anadya atatu, kulavulira njere m'kapu, kenako anati, "A Bedi Seveni, ine mwendo ndi umene unathyoka, makutu ali bwino. Ndinamva zimene ananena adokotala, ndamvanso zimene mwauza alendo anu."

Kenako anapitiriza.

"Amayi anu sindikuwaweruza. Koma anasankha matenda olakwika. Malungo kuno ndi masiku atatu. Munthu akamaliza kowatemu, tsiku lachinayi ali kumunda, akapanda kupita timati ndi ulesi. Inu mukabwerera kwanu ndi dzina la malungo, adzakupumitsani miyezi sikisi ndani?"

Zimenezi sindinaziganizepo. Ndimaganiza za mkwiyo wa atate basi.

Ndinati, "Ndikanena ndine, amayi ndawapachika."

"Eya," anatero, "khoswe wakhala pamkhate. Patseniko masawu ena."

Mtima 88. Kupweteka palibe. Njala yabwerera, mbatata yonse ndamaliza.

Lamlungu, 19 Juni

Kwabwera gulu la kwaya kudzaimbira odwala. Nyimbo zitatu, yomaliza anaiyamba pamwamba kwambiri mpaka a Hector anawathandiza.

Masana ndinawauza amayi zimene ananena a Hector. Anati adzauza atate kuti adokotala alamula kuti ndipume.

"Amayi, atate adwala malungo kangati? Anapumapo sabata yathunthu?"

Amayi anayamba kupukuta kabati imene anali atapukuta kale. Kenako anakhala pa bedi, mawu ali pansipansi.

"Atate ako adzati ndapha mwana wawo. Zimenezo ndikhoza kupirira. Koma ndinaitana midzi isanu, Harvey. Anthu anasaina chifukwa anaona nkhope yanga. Ndikanena, mwezi wamawa pa sikelo sipadzabwera mwana. Ndi katemera wa chikuku yemwe adzamuthawa, ndiye ana adzafa ndi zinthu zimene tinazithetsa kale. Iwe ndiwe mmodzi yekha mwa ambirimbiri amene anabayidwa, adokotala anena okha. Koma kumudzi ndani adzamva zimenezo?"

Ndinati, "Mmodziyo ndine."

Sindinafune kuti ziwapweteke choncho. Anatuluka kukatsuka mbale zoyera.

Sisita Rosina pobwera ndi mankhwala a 14 anandifunsa chimene amayi akulirira pa mpopi. Ndinawauza. Anangoti, "Mukabisa matenda, maliro tidzamva. Imwa, bulufeni wachiwiri uyu." Anawonjeza kuti adokotala sadzathamangira atate kukawauza, koma atate akadzawafunsa sadzawanamiza.

Vuto ndi loti atate safunsa madokotala. Amati akalowa m'chipatala mutu umawawa.

Mtima 84.

Lolemba, 20 Juni

Nkhani yabwino. ECG yachiwiri mizere yayamba kubwerera m'malo mwake. Magazi amene ananditenganso Loweruka akuonetsa kuti kutupa kwatsika kwambiri. Andilola kuyenda m'khonde, kupita ndi kubwera kanayi, pang'onopang'ono. Bulufeni atsitsa, kawiri pa tsiku. Zikapitirira chonchi nditulutsidwa Lachitatu.

Nkhani inayo. Atate aimba. Ogula thonje afika kwathu Loweruka likudzali, ndiye atate abwera mawa kudzatitenga kuti ndikathandize kupondera.

Kwa amene sadziwa, monga a Hector amene amaganiza kuti thonje limalowa lokha m'thumba: pali chithumba chachikulu chimene timati wulupaki. Timachikoleka pa mitengo inayi, munthu mmodzi n'kulowa m'kati. Ena amathira thonje, iye n'kumaponda, kudumpha, kusindikiza m'makona ndi chidendene, mpaka thumba lilimbe ngati mwala. M'katimo mulibe mphepo, fumbi la thonje limalowa m'mphuno, thukuta limachita kuyenderera. Thumba limodzi mtima umagunda ngati wathamangitsidwa ndi njovu. Atate mawondo anawathera, ndiye kwa zaka zitatu woponda kwathu ndine. Ndipo ndimanyadira, chifukwa matumba anga ogula amachita kuwamenya ndi chibakera n'kugwedeza mutu.

Ndawafotokozera adokotala ntchito imeneyi. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Imeneyo ndiye ayi weniweni."

Ndikuopa. Atate sindinawakanirepo ntchito chibadwire, ndipo sindikudziwa ngati pakamwa panga pangathe.

Mtima 80. Kupweteka palibe, tsiku lachitatu.

Lachiwiri, 21 Juni

Ndilemba zonse.

Atate afika pa 13, nthawi yoona odwala. Anavala jekete la kutchalitchi, m'manja muli kathumba ka mtedza wokazinga. Anapereka moni bedi ndi bedi, kenako anakhala pa mpando n'kundigwira pamphumi.

"Thupi lazizira. Wanenepanso. Kodi muno mukudwala kapena muli pa holide?"

A Hector anaseka pang'ono, kenako anatembenukira kukhoma.

Atate anayamba kundiyalira ntchito. Thonje lonse latoledwa, lili mulu m'chisakasa. Mawulupaki naini. Mitengo aimika kale.

"Mawa ukafika upume. Lachinayi m'mawa ulowe m'thumba, pofika Lachisanu madzulo tasoka onse. Thukuta ndi limene limachotsa malungo otsalira."

Ndinati, "Inde, atate."

Pakamwa panangoyankha pokha, monga pamayankhira masiku onse. Mtima unayamba kugunda mpaka ndimaumva m'makutu. Ndinayang'ana amayi. Sindinawapemphe kanthu, ndinangowayang'ana.

Amayi anali ataimirira kumiyendo kwa bedi, m'manja muli kapu. Anaika kapuyo pakabati, n'kugwada pa simenti, pamaso pa amuna onse a m'wodi ndi alendo awo.

"Atate ake Harvey, mwanayu salowa m'thumba. Si malungo. Ndinakunamizani."

Atate anangoti, "Ee?"

"Mtima wake watupa. Adokotala akuti zikulozera ku katemera. Ndinamusainira ine, kawiri, inu mutakana. Akuchira, koma akagwira ntchito yolemetsa akhoza kugwa osadzukanso. Mundikalipire, mundibweze kwathu ngati mukufuna, koma m'thumba salowa."

Wailesi ya pa bedi 10 wina anaizimitsa.

Ndimayembekeza kuti atate akuwa. Sanakuwe. Amayi sanawayang'ane n'komwe, anayang'ana ine.

"Iwe umadziwa?"

"Inde, atate."

"Umadziwa kuti ukhoza kufera m'thumba, n'kundiyankha kuti inde? Ukanalowa?"

Zoona zake n'zakuti ndikanalowa.

Atate anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimirira, kukonza jekete, n'kutuluka. Amayi anakhalabe chogwada mpaka Sisita Rosina anabwera kudzawadzutsa.

Mtima unafika 118. Sisita anabweretsa makina, ECG sinasinthe, akuti ndi mantha chabe. Pa 16 unatsika kufika 86.

A Hector, amene zenera lawo limaona kuchipata, akhala akundipatsa malipoti ngati wolengeza mpira. "Sanapite. Akhala pansi pa mtengo wa msikizi. Avula jekete. Avalanso. Wogulitsa malalanje akuwalankhula, sakumuyankha." Pomaliza ndinawapempha kuti asiye.

Mtedza tagawana wodi yonse. Amayi sanadye.

Lachitatu, 22 Juni

Ndikulemba izi pamsewu, tikudikira galimoto ya ku Msoro.

Atate anagona pa benchi ya kukhonde. Pa 07 anali ataima pakhomo la wodi kudikira adokotala, munthu amene amati chipatala chimamuwawitsa mutu. Adokotala atafika anawavulira chipewa n'kufunsa mafunso atatu.

"Achira?"

"Zonse zikuonetsa kuti akuchira. Tidzamuyezanso pa 20 Julayi, ndipo asanabwerere ku ntchito zolemetsa adzajambulidwanso ku Chipata."

"Anzake amene anabayidwa naye?"

"Palibe wina wabwera. Koma wina akamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, abwere msanga, asadikire."

"Miyezi ingati?"

"Tiyeni tinene sikisi. Zikayenda bwino tidzachepetsa."

Atate anawerenga pa zala mpaka Disembala. "Ndiye kuti kusosa, kugalauza, kubzala, zonse zimupita." Anatembenukira kwa ine. "Ndikadzakuona wagwira khasu, ndidzakumanga pamtengo ngati mbuzi. Wamva? Ndipo inde wako uja usadzandipatsenso."

Ndinafunsa za mawulupaki. Anati si nkhani yanga.

Atate anali asanawalankhulebe amayi. Tikupinda zofunda ndi pamene atate anati, maso ali pa bulangete, "Pa Sondo kutchalitchi adzafunsa."

"Ndidzaimirira ndine," amayi anatero. "Ndinawaitana ndine."

"Mukanene zonse. Ndi zoti akuchira zomwe. Za ine ndi inu n'zakunyumba."

Sindikudziwa kuti zakunyumbazo zidzatha bwanji, kapena kuti pa sikelo padzabwera ana angati mwezi wamawa. Amayi nkhope yatupa, koma m'mawa uno amwa tiyi ndi chitumbuwa.

Mankhwala opita nawo: bulufeni kwa masiku asanu ena, nditadya, ndi kapiritsi ka m'mimba. Kusukulu ndibwerera pakatha masabata awiri, wapansi pang'onopang'ono kapena wina andikweze. Mtima potuluka 76.

A Hector atsala, awachotsa pulasitala sabata yamawa. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndikadzachira ndipite ku Mfuwe akandionetse ndege zikutera. Ndawasiyira sopo wanga.

Potuluka ndinawerama kuti ndinyamule chikwama ndi ndowa. Atate anandimenya padzanja. Chikwama anakoleka paphewa, ndowa ya mbale m'dzanja, bulangete kukhwapa. Chibadwire sindinayendepo chimanjamanja atate atasenza katundu. Kuyambira pakhomo la wodi mpaka kuchipata aliyense amandiyang'ana, mnyamata wamtali wooneka wathanzi, manja ali lende, bambo wa imvi atalemedwa pambali pake. Ndinachita manyazi kwambiri. Mlonda wa pachipata analephera kupirira.

"Iwe mnyamata, sungawalandire atate ako?"

Ndinatambasula dzanja. Atate anasamutsira ndowa kudzanja linalo.

"Msiyeni," anatero. "Akudwala mtima. Ndinyamula ndine."